Mapointi a ndege (Avios) 82,000 ndi voucher imodzi koma tilipo anthu 5, tikafika bwanji kumudzi?

Admin chonde ndibiseni dzina, achibale ena ali mu gulu momwemuno ndipo akangomva kuti tikubwera ma order a mafoni ndi nsapato ayamba lero lomwe.

Abale anga ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Leicester, ndimagwira za care, abambo akunyumba ali ku warehouse ma night. Ana tili nawo atatu, wa zaka 13, wa zaka 9 ndi kachitsiriza kamene kakwanitse zaka 2 mu June chaka chamawa. Kumayambiriro kwa August tikukaika chiliza cha malemu bambo anga ku Ntcheu ndipo mayi anandiuziratu pa foni kuti ulendo uno usabwere wekha ngati pa maliro paja, adzukulu angawo ndiwaone maso akadali kuona. Kachitsirizako amangokaonera pa video call basi, sanakanyamulepo.

Ndiye ndinalowa pa intaneti kuona matikiti, eee abale ndinangotseka laptop nkukagona. Anthu 5 ikuyandikira £6,000 musanagule ndi chitenje chimodzi chomwe cha azakhali.

Zaka ziwiri zapitazo mnzanga wa kuntchito, mayi wina wa ku Zimbabwe, anandikopa nditenge kirediti khadi ya British Airways (BA) ya American Express, ija ya £300 pa chaka yomwe imakupatsa 1.5 Avios pa paundi iliyonse, ndipo ukagula zinthu zokwana £15,000 pa chaka amakupatsa companion voucher, yoti anthu awiri akwere ndege pa Avios za munthu mmodzi. Chaka choyamba sindinafikeko chifukwa landlord wathu safuna za khadi, chaka chino ndakankha chilichonse pamenepo, shopping, petulo, mayunifolomu, insurance ya galimoto, mpaka zogula za mnzanga ndinkamulipirira iye nkumandibwezera kashi. Ma Nectar anganso, mapointi a ku sitolo za Sainsbury's aja, ndinawasandutsa Avios. Pano voucher yatuluka ndipo ndili ndi 82,000.

Vuto ndi lakuti ine m'mutu mwanga ndinkangoti ndege ndi ndege, sindinaganize zoti BA sipita ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kulakwa ndi kwanga sindinafunse. Ndiye amene munayesapo, ndidzere ku Nairobi kapena ku Johannesburg kenako ndigule matikiti ena ofikira ku KIA, bwalo la ndege la ku Lilongwe? Kapena ndingoiwala za mapointizi ndigule Ethiopian ngati anthu ena onse? Ndipo kamwanako akakawerengera ngati khanda kapena mpando wake wake?

Achimwene a ku Luton: Asisi choyamba mudziwe kuti ndege zili ndi mabanja ake. BA ili mu oneworld limodzi ndi Qatar, Ethiopian ili mu Star Alliance ndipo mapointi ake ndi ShebaMiles, Kenya Airways ili mu SkyTeam komwe kulinso Virgin Atlantic kuyambira 2023. Avios zanuzo ndi za banja loyambalo, pamene ndege ziwiri zomwe timakwera kwambiri Amalawife zili kwina. Voucher imagwira pa BA, Iberia ndi Aer Lingus basi, komanso ndi ya anthu awiri, inuyo ndi wina mmodzi, mukulipira Avios za munthu mmodzi koma ndalama ya pamwamba ija ya misonkho mulipira ya onse awiri. Enawo atatu ndi Avios zonse kapena kashi. China, mipando ya Avios imatuluka kutatsala masiku 355, pakati pa usiku, ndipo ya nthawi ya holide anthu amaidikirira ali maso ngati mzere wa mafuta. Pano tili mu October ndiye ya July ndi August inatuluka kalekale, lowani lero muone ngati yatsalako musanayambe kuwerengera zambiri.

Mwini positi: Achimwene mwandifooketsa koma zikomo. Ndalowa, ku Johannesburg ndaona mipando iwiri Lachiwiri lina mu July koma pobwerera palibe kanthu mpaka September.

Mayi a ku Manchester: Mwana wanga za matikiti awiri osiyanazo ine ayi. Ndinachitapo ndili ndi ana awiri, ndege yoyamba inachedwa maola atatu, tikufika yachiwiri itapita. Nditapita pa kaunta anangondiyang'ana nkundiuza kuti tikiti yanu ndi ina iyi sitikuidziwa, gulani ina. Tinagona pa mabenchi ana atafunda zitenje zomwe ndinkapititsira apongozi, ndipo ndalama yomwe ndinkati ndapulumutsa inathera pomwepo ndi kuwonjezera. Kuonjezera apo katundu umamutenga wekha pa lamba nkukamupimitsanso, ndiye ngati ndege yachiwiriyo imalola makilo ochepa mulipira. Tikiti imodzi ya kuchokera kuno mpaka ku Lilongwe ikachedwa ndi mutu wawo, amakupezera ndege ina okha. Ethiopian economy ndi masutikesi awiri a 23kg munthu aliyense, anthu 5 ndi masutikesi 10, inu mukudziwa kuti kumudzi sitipita chimanjamanja.

Bambo wina wa ku Chipata amene ali ku Leeds: Alongo Avios zimasamuka kuchoka ku BA kupita ku akaunti ya Qatar popanda kudulidwa, ndipo Qatar imatera ku Lusaka kudzera ku Doha. Mukatsika mugwire basi ya Great East Road mpaka kwathu ku Chipata, muwoloke pa Mwami, Mchinji, kenako Lilongwe iyo. Ine ndimatero. Voucher yokhayo siigwira kumeneko.

Mwini positi: Achimwene inu mumayenda nokha ndi kachikwama kakumsana kkkk. Lusaka mpaka Chipata ndi tsiku lathunthu pa basi, ine ndi kamwana ka zaka 2 ndi masutikesi 10, tikafika ku Ntcheu chiliza chikhala cha ine.

Membala wosatchula dzina: Ndifunse mwaulemu, khadiyo mumalipira yonse mwezi ndi mwezi? Chifukwa ngati mukusiyako balance chiwongola dzanja chake chimadya mapointi onsewo ndi kupitirira. Komanso werengani bwino, £300 kawiri ndi £600 yatuluka kale m'thumba, ndi theka la tikiti imeneyo. Ine ndinapsa ndi zina, ndinkatumiza ndalama kumudzi pa app ina ndi kirediti khadi ina poganiza kuti ndikukolola mapointi, osadziwa kuti banki ikuwerenga ngati ndatapa kashi, fee pomwepo, chiwongola dzanja kuyambira tsiku lomwelo, pointi olo imodzi osandipatsa. Miyezi inayi ndisanatsegule statement.

Mwini positi: Ndimalipira yonse, direct debit, pokhapo ndiye ndinachenjera. Za £600 zo musandikumbutse abambo akunyumba akhala akuziimba ngati kolasi ya kwaya.

Wina: Bwanji osangowatulutsa ana kusukulu mu June mitengo isanakwere? Aliyense amatero.

Aphunzitsi a ku Nottingham: Musawanamize. Ku England fine yake kuyambira August 2024 ndi £80 kholo lililonse pa mwana aliyense mukalipira m'masiku 21, mukachedwa ndi £160. Iwowa ana a sukulu ndi awiri makolo awiri, ndi £320 kale. Ndipo asisi simukufunikanso zimenezo, masukulu a ku Leicester amatsekera msanga chapakati pa July ena onse akadali m'kalasi, nyamukani sabata imeneyo mitengo isanapenge. Za kamwanako, akakwanitsa zaka 2 ndi mpando wake basi, za pamiyendo zija zotchipa zimathera pa tsiku lobadwa. Chokomera chake ana osakwana 16 mu economy salipira msonkho wa ndege wotchedwa Air Passenger Duty, ndiye onetsetsani kuti mwalemba zaka zawo molondola, wa 13 uja musamuike ngati wamkulu.

Achimwene a ku Luton: Ndabwereranso. Voucher ya khadi yanuyo imakhala zaka 2 ndipo Avios sizifa pokhapokha mutakhala miyezi 36 osalowetsa kapena kugwiritsa ntchito olo imodzi, ndiye palibe chokuthamangitsani. Ine nditakhala inu ulendo wa chilizawu ndingagule tikiti imodzi ya nonse ya kashi, voucher nkuisungira ulendo wa inu ndi abambo awiriwiri kudzera ku Joburg nkulumikiza ndi Airlink kapena Malawi Airlines mutasiya maola okwanira pakati. Mutsegulenso household account kuti Avios za m'nyumba monse zikhale pamodzi. Mukatopa nazo zimabwereranso ku Nectar, mukagula masutikesi ku Argos.

Mwini positi: Zaka ziwiri zonse zokankha khadi zithere pa masutikesi a ku Argos abale kkkkk ndilira. Ndayankhula ndi abambo atabwera ku shift, iwo akuti tigawane, iwo ndi wamkuluyo adzere ku Joburg pa voucher akagone kwa alamu anga ku Kempton Park usiku umodzi, ine ndi ang'ono awiriwa tikwere ya tikiti imodzi ndi katundu yense tikakumane ku Lilongwe. Pa pepala zikuoneka ngati tipulumutsako ndithu koma mpando wobwerera uja sunapezekebe, voucher nayonso paja mwati ndi ya ineyo ndi wina mmodzi, ndipo katundu yense akumusiyira ine ndi ana, mwaiona nzeru ya azibambo? Alipo amene anagwiritsapo voucher popita kokha nkugula pobwerera padera, zinatuluka bwanji mitengo yake?