Thandizeni maganizo: ndisankhe ati pa makampani a AI oyankha makasitomala pa WhatsApp?

Abale anzanga mu gulu muno mwaswera bwanji. A admin chonde ivomereni iyi, mutu wandiima. Ndili ndi shopu ya zipangizo za ulimi pa Lizulu, timagulitsa feteleza, mbewu za masamba, mankhwala opopera mbatesi ndi tomato. Vuto langa ndi foni. Mvula ikangoyamba WhatsApp siyipuma, uyu akufunsa mtengo wa Urea, uyu D Compound yafika liti, wina watumiza chithunzi cha tsamba lakuda ati "bwana ichi ndi chiwawu kapena?" ndiye ena amalemba 11 koloko usiku ine ndili mtulo, pomwe ndiziyankha mmawa munthu wagula kale kwina. Mtsikana wa pa kauntala sangamagwire foni uku akubweza chenji tsiku la msika.

Nde pabwera anthu awiri. Oyamba ndi anyamata a ku Lilongwe, akuti andiikira AI, pulogalamu yoyankha yokha mauthenga, pa nambala yanga yomweyi, kulipira ndi makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba. Achiwiri ndi kampani yakunja yomwe mphwanga anaipeza pa intaneti, iyo ndi madola mwezi ndi mwezi kudzera pa khadi. Yakunjayo ndayiyesa yaulere. Mchizungu imayankha ngati mphunzitsi, koma nditalemba "muli ndi mankhwala a chiwawu?" inayamba kundiuza ndipite kuchipatala, kenako nditafunsa thumba la NPK inanditchulira mtengo womwe sindinayiuzepo, yangopeka. Anyamata aja awo sanandionetse, akuti ndilipire kaye. Amene munayesapo zimenezi ndiyang'ane chiyani?

Ndemanga

Mayi ogulitsa zovala pa Dedza boma: Achimwene musanataye ndalama, WhatsApp Business yaulere ija munaigwiritsa ntchito mokwanira? Muli uthenga wolonjera, uthenga woyankha mukakhala mulibe, mayankho osungiratu komanso katalogu yoika katundu ndi mitengo. Ine theka la mafunso anga linathera pomwepo.

Wofunsa: Katalogu ndili nayo mayi, koma alimi athu sawerenga zimenezo, amangotumiza voice note basi.

Wa makompyuta, Ntcheu: Pamenepo pa voice note ndi pomwe pagona nkhani. Ambiri mwa ogulitsa AI sapanga okha ubongo wake, amalumikiza ku zinthu ngati za OpenAI kapena Google nkuikapo dzina lawo, ndipo zimenezo zinaphunzira kwambiri Chingerezi, Chichewa pang'ono chabe, nanji cholankhula cha mlimi wa ku Tsangano mphepo ikuwomba pa foni. Tengani mauthenga enieni 30 a makasitomala anu, fufutani manambala, muwapatse onse awiri ayankhe inu mukuona. Wokana kuyesedwa asanalipidwe musiyeni. Muwafunsenso ngati akudutsa njira yovomerezeka ya Meta, eni ake a WhatsApp, ija ya WhatsApp Business Platform, chifukwa ena amalumikiza mwachinyengo pongosikana QR code ndipo nambala imatha kutsekedwa. Akaunti ilembedwe mdzina la shopu yanu osati lawo, mukadzayambana asadzapite ndi makasitomala anu.

Membala wobisa dzina: Za madolazo ganizani kawiri. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene ankalipira zinthu mmadola analira. Nanga forex yake muzikaipeza kuti mwezi ndi mwezi? Koma anyamata a makwachawo nawonso afunseni, ngati iwo amalipira madola kuseri mtengo adzakukwezerani basi.

Mlangizi wopuma, Bembeke: Mwana wanga, ine zamakonozi sindizidziwa bwino koma pa mankhwala pokha ndikuchenjeze. Makina amenewo asamauze mlimi mulingo wothira mu sipuleya. Akalakwitsa mtengo mupepesana, koma akalakwitsa mulingo munda wa mbatesi wapsa, kapena munthu wadwala, ndipo mlimi sadzapita kukadandaula ku kampani ya kunja, adzabwera pakhomo pa shopu yako. Funso la matenda lizibwera kwa iwe, uziona chithunzi wekha.

Wa makompyuta, Ntcheu: Zoona bambo. Zimatheka kuikonza kuti iziyankha mitengo, katundu amene alipo ndi nthawi yotsegula zokha, zina zonse izinena kuti dikirani eni ake. Koma mitengo muziisintha nokha tsiku lomwe yasintha, apo ayi izigulitsa feteleza pa mtengo wa mwezi watha. China, manambala ndi mauthenga a anthu akukasungidwa kuti? Kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, oyang'anira ndi a MACRA, nde zimenezo zilembedwe mu mgwirizano.

Wina wa pa Lizulu pompo: Kkkk bwana ingolembani mnyamata wina ntchito, ana a fomu 4 ali mbwee pa msika apa. Ameneyo chiwawu amachidziwa, ndipo akhoza kunyamulako matumba.

Wofunsa: Kkkk nanga mnyamatayo azidzuka 11 koloko usiku? Komabe ndamva. Ndawaimbira a ku Lilongwe aja kuti abwere Loweruka ndi laputopu yawo, ma voice note ndasankha kale, imodzi ndi ya agogo ena osakaniza Chichewa ndi Chipwitikizi ochokera tsidya la msewu ku Mozambique. A makompyuta, QR code mwanenayo ndikaizindikira bwanji akamalumikiza?