Mabauti athyokera mkati pa kathirakitala, ndiwachotse bwanji?

mlimi_wakuJali:
Akuluakulu ndigaireniko nzeru. Ndili ndi ka Kubota kakang'ono kogula kakale kochokera ku Japan, ndimalimira mpunga cha ku Likangala ndiye kukauma kamakoka ngolo ya mchenga ndi njerwa. Pansi kumbuyoku pomwe pamagwira chitsulo chokokera ngolo pali mabauti anayi, awiri athyoka mitu inagwera munsewu. Imodzi yathyokera pakamwa penipeni pa bowo, inayo yatsalira mkati pang'ono ndipo dzimbiri lake si masewera. Mnyamata wina wa pagalaja akuti tigule easy-out, kachitsulo kozulira mabauti othyoka, tiboole basi zitheka, koma ine mtima ukukana poti mabowowo ali pa chitsulo cha giyabokisi chomwe, chikawonongeka ndiye ndagwa nayo. Mvula ndi iyi yayandikirayi. Ndiyambire pati?

wowotcherera_Chinamwali:
Achimwene easy-out yo muyambe mwaisiya kaye. Kachitsulo kameneko nkolimba kuposa bauti koma sikapirira kupotokola, pa bauti ya dzimbiri kamangoti thyo mkati momwemo ndiye mukatero palibe dirilo wamba yomwe ingakaboolenso, ntchito ya ola limodzi imasanduka ya sabata.

Ife timachita chonchi. Tsukani kaye malowo ndi bulashi ya waya, oilo ndi dizilo zonse zichoke kuopa moto. Chotsani mawaya a batire. Tengani washala yomwe bowo lake likufanana ndi bautiyo muyike pamwamba, muwotcherere pakati kuti igwirane ndi chotsalacho, kenako pamwamba pa washalayo muwotchererepo nati yokulirapo, mudzaze mkati mwa natiyo. Rodi ya 2.5 imakwana. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi kutenthako, bauti imafufuma kenako ikamazizira imabwerera ndiye dzimbiri limasweka lokha. Musafulumire kuika sipanala ikadali yofiira, idikireni izizire, ndiye muzipotokola pang'ono kumasula pang'ono kumanga mpaka muimve ikulira kwii, ikatero yavomera. Nati ikathyoka musadandaule wotchereraninso ina, nthawi zambiri kachiwiri kapena kachitatu ndi pomwe imatuluka.

Ya mkatiyo muzidonthetsa chitsulo pang'onopang'ono pamutu pa chotsalacho, kugogoda makoko omwe rodi imasiya pamwamba, kudonthetsanso mpaka chitulukire kunja. Mwayi wanu ndi woti giyabokisi ndi ya cast iron, rodi wamba siigwira bwino pamenepo. Koma pofunika dzanja lozolowera chifukwa muziwotcherera mutagona chagada. Ndipo waya wa earth mukanikize pafupi pomwepo, osati kutayala kapena kutsogolo, moto ukadutsa m'mabering umawalasa.

Mayi_aMatawale:
Bambo a kwathu amathira brake fluid madzulo nkugogoda ndi hamala mmawa mabauti a pulawo amamasuka bwinobwino. Yesani kaye zimenezo musanalipire munthu

wowotcherera_Chinamwali:
Mayi pa pulawo zimatheka poti mankhwalawo amatsikira m'mazinga. Apa bowo layang'ana pansi, chilichonse mungathire chikugwerani kumaso. Bola kupopera WD-40 chitsulo chikadali chofundira mutawotcherera, pamenepo imalowako.

makaniki_waku3Miles:
Zomwe anena akuluwa ndi zoona, ine ndingowonjezera za pomwe kuwotcherera kwakanika kapena magetsi kulibe. Mukafika poboola, ntchito yonse ili pa panchi. Salazani pamwamba pa chotsalacho ndiye mukhome kadontho pakati penipeni, mukaphonya apa dirilo ithawira m'mbali nkukadya mazinga a giyabokisi poti cast ndi yofewa kuposa bauti. Yambani ndi 3mm kapena 4mm, makina aziyenda pang'onopang'ono mukuthira oilo, muzikweza saizi pang'onopang'ono. Mukapeza madirilo ozungulira chakumanzere ndiye bwino kwambiri nthawi zina bauti imangotuluka yokha mukuboola, kungoti kuno kutauni amasowa kawirikawiri, mwina muitanitse ku Limbe.

Yezani kuya kwa bowo pa limodzi mwa awiri abwinowo nkumata tepi pa dirilo. Mukapitirira muboola mpaka mu oilo wa giyabokisi ndipo tizitsulo tonse tilowa mmenemo, hydraulic nkuyamba kuvuta.

China chomwe anthu chimawapweteka ndi mazinga. Makina a ku Japan amakonda mazinga ang'onoang'ono, M10 yake, bauti ya 10mm, kawirikawiri mazinga ake amatalikirana 1.25mm pomwe ya mu hardware ndi 1.5, M12 yawo 1.25 ya wamba 1.75. Ngakhale mutu umasiyana, M10 ya ku Japan imalowa sipanala 14 ya wambayi 17. Ndiye musagule mwa maso, masulani imodzi mwa zotsalazo mupite nayo mukaigundanitse mano ndi yatsopanoyo, tap, kachitsulo kodulira mazinga m'bowo, nayonso ikhale ya mazinga omwewo. Bauti ikalowa kawiri katatu nkuyamba kulimba musaikakamize ndi paipi.

mlimi_wakuJali:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamasula imodzi mwa zabwinozo yatuluka mosavuta ngati inali yosamanga nkomwe, sipanala yake 17, pamutu palembedwa 7. Ndiye ndikagule yolembedwa chiyani? Wowotcherera ndamupeza pa Jali pomwepa ali ndi jenereta abwera Loweruka.

makaniki_waku3Miles:
Sipanala 17 pa Kubota imeneyo ndi M12, ndipo 7 yo ndi malembedwe a ku Japan, imayandikana ndi 8.8 ya kuno. Gulani yolembedwa 8.8 kapena 10.9, zopanda nambala zija ndi za pageti. Ndipo mwanena nokha kuti inali yosamanga, ndi chomwe chathyola zinazo, chitsulo chikamagwedera ngolo ya mchenga imamenya bauti pa bampu iliyonse mpaka imatopa nkuduka. Sinthani onse anayi, muone ngati mabowo a chitsulo chokokeracho sanakule, muikemo spring washer kapena Loctite ya buluu, guluu wa mabauti uja, mukayenda ulendo woyamba mudzamangenso. Lowerukalo matayala muwatchinge ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo munthu asanalowe pansi.