Kodi nkhani ya ndowa ya kachewere idzatulukanso pa tsiku la chiweruzo?

Mayi wa pa Lizulu:
Abale mwa Ambuye, ndithandizeni. Ndimagulitsa kachewere pa Lizulu, ndipo ndine wa Chigwirizano ku CCAP. Lamulungu lapitali abusa anawerenga Aefeso 2:8-9, kuti tinapulumutsidwa ndi chisomo, osati ndi ntchito. Lachitatu kumaliro mlaliki anatsegula Mateyu 25, nkhani ya nkhosa ndi mbuzi, n'kunena kuti Mwana wa Munthu adzayang'ana amene anadyetsa anjala ndi kuzonda odwala. Ndiye chenicheni n'chiti?

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti pamsika pano tonse timayala kachewere wamkuluwamkulu pamwamba pa ndowa, timing'onoting'ono pansi. Ena amafika pobonyola ndowa pansi kuti izidzadza msanga. Zobonyolazo ine ayi. Koma zoyala zija ndinaphunzira kwa mayi anga, ndipo sindinaonepo wina akukhalira bwalo la mpingo chifukwa cha zimenezi. Kodi Mulungu amawerenga mpaka zoterezi?

Mkulu wa mpingo, Mlanda:
Mayi, mavesi awiriwo sakulimbana. Mukapitiriza pa Aefeso 2 pomwepo mpaka vesi 10, Paulo akuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Ntchito sizigula chipulumutso, zimangoonetsa ngati chikhulupiriro chili chamoyo, monganso akunenera Yakobo 2:17. Ndipo taonani pa Mateyu 25 paja: a kudzanja lamanja akudabwa, akufunsa kuti Ambuye tinakuonani liti muli ndi njala. Sankalemba m'kope zabwino zawo. Zinkangotuluka.

Tsono za ndowa, pepani, ndiyankhula mosapsatira. Deuteronomo 25:13-16 amaletsa kusunga miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono. Amosi 8:5-6 ndiye amachita kukhala ngati anayendapo pamsewu wa M1: akudzudzula amalonda ochepetsa muyeso, okweza mtengo, ogulitsa tirigu wosakaniza ndi zosesa. Anthuwotu anali opembedza, ankasunga Sabata, koma akuwerenga maola kuti lithe liti atsegule malonda. Bwalo la mpingo limaweruza zimene zafika pamaso pake, makamaka za mowa ndi za maukwati. Pa 2 Akorinto 5:10 akuti tonse tidzaonekera ku mpando woweruzira wa Khristu ndi zimene tinachita m'thupi, zabwino kapena zoipa. Sanapatulepo tsiku la msika.

Kondakitala wa Dedza–Ntcheu:
Aaa, akuluakulu, musawaopseze mayiwa. Ndani amene sadziwa kuti pansi pa ndowa pamakhala timing'ono? Wogula akatsitsa galasi la galimoto n'kuyamba kunenerera mtengo mpaka kufika pa theka, amakhala atawerengera kale zimenezo. Nanga iyeyo sakuba thukuta la mayi amene wakhala padzuwa kuyambira m'mawa? Ndipo zoti dziko likutha tinazimva kale. Harold Camping, mlaliki wa ku America, ananena kuti tsiku la chiweruzo lidzakhala 21 May 2011, anthu ena mpaka kuwononga chuma chawo, ife tikadali kuitanira pano.

Mphunzitsi wopuma, Bembeke:
Achimwene a minibasi, pa za Camping mwanena zoona, koma iye uja ankatsutsana ndi Yesu mwiniwake, amene pa Mateyu 24:36 anati tsikulo sadziwa munthu, ngakhale angelo. Kulephera kwa wolosera sikufafaniza chiweruzo. Ife Akatolika timaphunzitsa kuti munthu aliyense amaweruzidwa payekha pa nthawi imene wamwalira, kenaka kudzakhala chiweruzo cha anthu onse Ambuye akadzabweranso. Ahebri 9:27 akuti munthu amafa kamodzi, pambuyo pake chiweruzo. Inu amene mumayenda pamsewu uwu tsiku ndi tsiku mukudziwa kuposa ine kuti tsiku la munthu silidikira kutha kwa dziko.

Mfundo yanu ya wogula wofinya mtengo ndiye sindikuitaya, n'zoona naye adzayankha zake. Koma Aroma 14:12 akuti aliyense adzadziwerengera mlandu wake. Mayiwa sadzafunsidwa za mwini galimoto.

Mayi, ine ndikanakhala inu, sindikanada nkhawa ndi ndowa zonse zakale, poti ogulawo simungawapezenso ngati mmene anachitira Zakeyu pobweza kanayi. Ndikanangosiyanitsa: wamkulu ndowa yake ndi mtengo wake, wamng'ono yakenso. Azimayi a zibwente ndi anyamata a tchipisi amadziwa okha chimene akufuna.

Mayi wa pa Lizulu:
Zikomo abambo nonse. Amosi uja ndamuwerenga kawiri, sindinkadziwa kuti m'Baibulo muli za zosesa. Zosiyanitsazo ndiyesa msika ukubwerawu, ngakhale ndikudziwa kuti anzanga a pamzere andiseka, ndipo ndowa ya wamkulu yekhayekha ikwera mtengo moti ena azingodutsa.

Koma a mkulu a ku Mlanda, funso lina. Matumba amene timapikula kwa alimi a ku Tsangano nawonso amabwera atayalidwa chimodzimodzi, pakamwa pabwino, pakati pali wodulidwa ndi khasu ndi woyamba kuola. Ameneyo ndikamusankha ndizimutaya ine ndekha, kapena n'kololedwa kumugulitsa motchipa bola ndamuuza wogula?