Ndikulemba buku la mtsikana wa ku Marávia pa nkhondo ya ufulu wa Mozambique, zachikondi ndichotsemo?

NyaMaravia
Moni nonse abale. Ndikulemba buku la nkhani yopeka koma yotsamira pa mbiri yeniyeni, m'Chinyanja chathu chomwechi osati Chipwitikizi. Ndi ya mtsikana wa ku Marávia amene analowa Frelimo nkhondo itafika kuno ku Tete mu 1968, ntchito yake kusenza zida pamutu kuchokera kumalire a Zambia kutsika nazo mpaka ku Zambezi. Vuto ndi ili, muli mnyamata amene anali atamufunsira kale mbeta koma Apwitikizi anamutenga kukamuika mu tropa, gulu lawo la asilikali, ndiye awiriwa ali mbali zosiyana ndipo mtsikanayo sakutha kumuiwala. Mnzanga amene anawerenga gawo loyamba akuti ndikunyozetsa amayi amene anamenya nkhondo, akuti munthu wosenza bazuka analibe nthawi ya zibwenzi. Ndichotsedi? Komanso odziwa mmene atsikana aja ankakhalira ku ma base ndithandizeni.

Profesora_Ulongwe
Mana musachotse chonde. Mnzanuyo mumufunse za Josina Machel amene timamuvalira kapulana pa 7 April, tsiku la amayi a Mozambique, chaka ndi chaka. Anabadwa 1945 ku Vilanculos, mu 1964 anayesa kuthawa kupita ku Tanzania anamugwira ku Victoria Falls nkumubweza kundende ku Lourenço Marques (Maputo ya lero), atatuluka anayesanso kudzera ku Swaziland mpaka anakafika mu 1965. Munthu wolimba mtima chonchi ndi yemweyonso anakwatiwa ndi Samora Machel, mkulu wa asilikali a Frelimo, ku Tunduru ku Tanzania mu 1969 nkhondo ili mkati, mtsogoleri wa Frelimo Eduardo Mondlane ataphedwa miyezi yochepa yapitayo, nabereka mwana chaka chomwecho. Ndipo sanakhale pansi kulera, anabwerera kuyenda m'madera omasulidwa kuyang'anira za ana amasiye ali wodwala, mpaka anamwalira ku Dar es Salaam mu 1971 ali ndi zaka 25 zokha. Ana akusukulu ndikawauza madeti okha amangolemba basi, koma ndikafika poti anasiya kakhanda kosakwana zaka ziwiri kalasi yonse imati zii, makamaka atsikana. Chikondicho ndi chimene chimasonyeza kukula kwa zimene ankataya.

MdzukuluWaKapoche
Ine agogo anga aakazi anasenzako katunduyo, ankayambira cha ku Chifombo kumalire a Zambia, panopa anatisiya. Zimene ankanena mobwereza si mfuti ayi, ndi nkhata. Akuti nkhata yamasamba imatha msanga ndi bokosi la zipolopolo ndiye umang'amba nsalu yako yomwe, tsitsi la pakati pamutu linathothoka osameranso bwino mpaka ukalamba. Kuyenda kunali kwa usiku mondondozana, moto osakoleza masana chifukwa ndege zimaona utsi, ndipo woponda pambali pa njira ankakalipiridwa chifukwa cha mabomba okwirira. Za zibwenzi ankaseka nkumati zinalipo zedi koma mobisa chifukwa akuluakulu a pa base sankazilola mwachisawawa, wofuna banja ankayenera kukanena kwa shefu kaye. Ndiye mana ngati mtsikana wanuyo akukonda munthu wa mu tropa, dziwani kuti sangauze ngakhale kamarada amene amagona naye mphasa imodzi, angamuyese kazitape wa PIDE, apolisi achinsinsi a Apwitikizi. Mantha amenewo alembeni, ndi enieni.

Bambo_Chiuta
Ine ndikumumvako mnzanuyo pang'ono. Sindikuti chotsani koma zimandiwawa nkhani ikayamba ndi nkhondo nkuthera poti mkazi akungolira mwamuna masamba onse, ngati kuti analowa kuthengo chifukwa chosweka mtima. Amayi athu anali ndi zifukwa zawo, chibalo chimene chinkatenga amuna m'midzi, msonkho, mbalamatodya (thabwa lomenyera m'manja) ya asipayi, apolisi akuda a Apwitikizi, kenako ma aldeamento aja osonkhanitsa anthu mokakamiza kusiya minda ndi manda a makolo. Mtsikanayo akhale ndi mkwiyo wakewake chibwenzicho chisanasokonekere nkomwe.

China, musamusandutse Josina wachiwiri. Josina anali wophunzira wa kumwera, anafika mpaka sukulu ya zamalonda mumzinda. Destacamento Feminino, gulu la asilikali aakazi la Frelimo, inayamba 1967 ndi atsikana ochokera ku Cabo Delgado ndi Niassa amene anakaphunzira zausilikali ku Nachingwea ku Tanzania, ambiri anali ana a alimi ndipo wanuyo wa ku Marávia ndi wotere, mwina a e i o u akukaphunzirira ku base konko. Aziyankhula ngati wakumudzi, asamachite kulankhula ngati wailesi.

Zefa_Matundo
Ndikungopempha chimodzi, ngati mnyamatayo ali mu tropa ndikudziwa mtima ukukukokerani kumufikitsa ku Wiriyamu pa 16 December 1972. Samalani kwambiri pamenepo. Kumeneko ndi kutsidya kwa Zambezi kufupi ndi mzinda wa Tete, kwa anthu olankhula Chinyungwe, ndipo tropa ya Apwitikizi inapha anthu mazana, amayi ndi ana omwe, abale awo alipo mpaka lero. Dziko linadzamva mu July 1973 wansembe Adrian Hastings atazitulutsa mu The Times ya ku London, koma Portugal kupepesa kwake ndi 2022 pakamwa pa António Costa, nduna yaikulu ya dzikolo panthawiyo. Si malo oti awiri okondana akakumanirepo kuti nkhani ikome. Anyamata akuda mu tropa analipo ambiri, ena ankangolondera misewu yopita ku Songo pamene ankamanga damu la Cahora Bassa kuyambira 1969, wanuyo mutha kumuika kumeneko.

NyaMaravia
Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa ntchito. A Bambo_Chiuta mwanena zoona, gawo loyamba ndilembanso kuti liyambe ndi tsiku losamutsira mudzi wawo ku aldeamento, mnyamatayo adzalowe pambuyo. Mana Zefa ku Wiriyamu sindiwafikitsako, mtsikanayo adzangomva kwa othawa, mnyamata ndimuika pa msewu wa Songo pomwe gulu la mtsikanayo likuyenera kudutsa ndi katundu. A MdzukuluWaKapoche ndakulemberani ku inbox, ndikufuna kudziwa nyimbo zimene agogo ankaimba komanso ankadya chiyani pa ulendo, ngati amayi anu akukumbukira ndingakwere shapa kudzacheza nawo mwezi wamawa.