Mafulati pamwamba pa shopu ku Down Shops, ndiyambire pati?

A Tembo: Mwadzuka bwanji akuluakulu. Ndili ndi kavuto apa. Pali mdala wina ali ndi nyumba ya mashopu ku Down Shops kuno ku Chipata, ya pansi chabe, mkati muli hadiweya ndi kashopu ka zovala. Akufuna tisasule malata, tithire silabu, pamwamba timange mafulati awiri aziikamo anthu a lendi. Akuti pulani ndijambule sabata ino chifukwa simenti anagula kale matumba 200. Ndamufunsa za ku khonsolo, akuti aaa nyumba ndi yanga, taito ndili nayo, ndani angaletse munthu kugona pamwamba pa shopu yanga, amwenye akale sankakhala kuseli kwa mashopu awo kodi? Ndijambule kapena?

A Banda: Kkkk matumba 200 pulani palibe. Amenewo ndi aja amagula mbereko mwana asanabadwe

Amai Zulu: A Tembo musagwire kaye pensulo. Muwauze abweretse taito ija pamodzi ndi offer letter muwerenge kuti malowo anawapatsa kuti achitepo chiyani, chifukwa taito kuno ku Zambia nthawi zambiri ndi lease ya zaka 99, ndipo ambiri amangoona dzina lawo n'kusunga mu sutikesi osawerenga kuti plot yalembedwa commercial kapena residential. Ngati ndi commercial basi, kuikapo mabanja pamwamba ndi kusintha ntchito ya malowo, ndiye pafunika chilolezo. Lamulo lake ndi Urban and Regional Planning Act ya 2015, ija inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act yakale. Pa lamuloli kumanga kufuna chilolezo, kusintha ntchito ya nyumba nakonso kufuna chilolezo ngakhale simunaike buloko ngakhale limodzi. Ndiye inu muli ndi zonse ziwiri, mukumanga komanso mukusintha.

A Tembo: Ndiye kuti angakane amai?

Amai Zulu: Sindinati akana ayi. M'tauni shopu pansi anthu pamwamba ndi chinthu chabwino, ife a planning timachikonda chifukwa malo a pakati pa Chipata ndi ochepa, mapiri atizinga mbali zonse, ndipo msewu umene muli anthu ogona suchita zii ikakwana 18 hours. Koma pitani ku planning ya khonsolo ndi nambala ya plot mufunse kuti malowo pa pulani ya mzinda akuloledwa chiyani, akuuzani ngati mixed use (shopu ndi nyumba zogona pamodzi) ilowa kapena mufunika change of use (chilolezo chosintha ntchito ya malo). Mukamanga mwakachetechete angakupatseni enforcement notice, kalata yokulamulani kukonza zimene mwachita popanda chilolezo, ndipo imeneyo imatha kufika mpaka pa kugwetsa. Wojambula pulani dzina lanu lili pa pepala, musaiwale.

A Mwale: Ine za mapepala ndisiyira amai, funso langa ndi la pansi. Nyumbayo inamangidwa liti ndipo ndi njerwa zotani? Zambiri za kumeneko maziko ake anakumbira denga la malata basi, ena zipupa ndi njerwa zowotcha zomangira matope kunja kokha ndiye anapaka pulasitala. Silabu ya 150mm yokha ilemera makilo pafupifupi 360 pa square metre iliyonse, musanaikepo zipupa za pamwamba, matailosi, tanki ya madzi, anthu ndi katundu wawo. Kumbani maenje awiri kapena atatu m'mbali mwa chipupa mpaka muone pamene maziko athera, mujambule zithunzi muyike tepi pambali munditumizire. Gobolaninso pulasitala pang'ono pakona tione chili mkati.

A Banda: Zoona a injiniya. Ine ndinagwirapo ina chaka china, mwini wake anakana zokumba akuti tikumuchedwetsa, tathira silabu bwinobwino, mvula yoyamba ya Novembala chipupa cha kumbuyo chinang'ambika mng'alu woti chala chimalowa, chitseko cha shopu chinasiya kutsekeka. Ndalama imene anathawa kulipira injiniya anailipira kasanu pokonza, ndipo amene ankatukwanidwa m'tauni ndi ine foromani.

A Sakala: Musaiwale masitepe. Malanilodi ambiri amafuna masitepe adutse mkati mwa shopu kuti asataye malo a kutsogolo, chifukwa mita iliyonse ya kutsogolo ndi ndalama. Manje wa shopu akatseka geti yake ya chitsulo madzulo ndi maloko atatu, a pamwamba atulukira pati mwana akadwala usiku? Nanga moto? Pansipo mwati ndi hadiweya, ndiye kuti muli penti, thinazi, mapaipi a pulasitiki, mwina ndi masilinda a gasi, zonsezo pansi pa bedi la munthu. A fire brigade akabwera kudzaona ayamba pamenepo. Khomo la a pamwamba likhale lawolawo lotulukira panja, ndipo ngati malo alola ikani masitepe achiwiri achitsulo kumbuyo.

A Sakala: Komanso mamita a magetsi a ZESCO apatukane, shopu iliyonse yake fulati iliyonse yake, mtengo wa yuniti wa bizinesi ndi wa panyumba ndi wosiyana. Mita imodzi ndi nkhondo ya mwezi uliwonse, wa shopu akuti a pamwamba akuphika nyemba pa stovu, a pamwamba akuti ndi makina odulira makiyi. Madzinso chimodzimodzi, apite ku Eastern Water akapemphe mamita osiyana.

Amai Zulu: Pa madzi pomwepo, zimbudzi. Shopu ziwiri zimakwana ndi kachimbudzi kamodzi kuseli, mabanja awiri ndi kusamba, kuchapa, kutsuka mbale tsiku lonse. Onani ngati pali sewer pafupi, ngati ndi septiki tanki yakale ija siikwana, ndipo a public health pulani amaiona nawonso. Zinyalala aziika pati, zovala aziyanika pati, galimoto ya lendi iima pati pamene lole ikutsitsa malata pa hadiweya? Zonsezo muzionetse pa site plan, zimafulumizitsa zinthu.

A Phiri: Ine ndimasamala nyumba za anthu, ndiye ndifunse chimene nonse mwalumpha. Mukasasula malata, wa hadiweya ndi wa zovala apita kuti ndi katundu wawo? Amenewo ali pansi pa Landlord and Tenant (Business Premises) Act, simungangowauza kuti mwezi wamawa tulukani, notice yake siichepera miyezi 6. A pamwamba akadzalowa iwo lamulo lawo ndi lina, Rent Act. Ndiye mdalayo akhala ndi mitundu iwiri ya alendi m'nyumba imodzi. Mumuuzenso alembe mu agreement ya pansi kuti shopu isadzasanduke bala kapena malo owotcherera zitsulo, apo ayi a pamwamba adzathawa mwezi wachiwiri.

A Tembo: Eee apa ndiye mwandipha, za alendi a pansi sindinaziganize n'komwe

A Tembo: Ndabwerako akuluakulu. Taito yalembedwa commercial, ku planning andiuza zofunika pa application ndipo akufuna structural drawings zosainidwa ndi injiniya wolembetsedwa ku EIZ, bungwe la mainjiniya kuno ku Zambia. Takumba maenje awiri kumbuyo, a Mwale zithunzi ndakutumizirani ku inbox, maziko ndi osaya, khasu lalowa pang'ono chabe tapeza kale dothi pansi pake, ndipo njerwa ndi zija mumanena.

A Mwale: Ndaziona. Chipupa chimenecho chisanyamule kanthu. Tiimika mapilala atsopano ndi mabesi akeake, silabu ikhale pa mabimu, zipupa zakale zingotsala ngati zotchingira. Mawa cha m'ma 9 hours ndibwera ndi tepi tiyeze, muuze wa hadiweya asunthe mashelefu a kukona.

A Banda: Nanga simenti ija? Ikakhala miyezi itatu m'sitolo iyamba kuchita mibulu, chinyezi cha mvula chikubwera

A Tembo: Ndamuuza agulitse matumba 150, otsalawo timangire septiki tanki. Wang'ung'udza koma wavomera, akuti mwina wa hadiweya yemweyo agula.

A Banda: Akapereka mtengo wabwino ine nditengako 40, ndili ndi ntchito ku Kalongwezi