Ndikufuna PhD ya ma stem cell okonza mitsempha, ndiyambire pati?

Akuluakulu amene muli mu kafukufuku ndithandizeniko nzeru chonde. Ndikumaliza masters ya biology ndipo mtima wanga wonse uli pa ma stem cell, ma selo amene amatha kusanduka mitundu ina ya ma selo. Zinayamba achimwene anga atachita ngozi, miyendo ikuoneka bwinobwino koma ukawatsina chala samva kanthu.

Chomwe chimandisowetsa tulo nchakuti mtsempha wonyamula mauthenga (nerve) wa pamkono ukaduka umameranso, mwina milimita imodzi patsiku ma selo oukuta otchedwa Schwann cell akuuthandiza, koma wa mumsana ayi ndithu, pamangopangika chipsera basi. Wasayansi wa ku Japan Yamanaka anaonetsa mu 2006 kuti selo wamba ungathe kuibweza nkukhala ngati ya mluza, ku Keio University ya ku Japan komweko anayamba kuika ma selo a mitsempha opangidwa kuchokera ku ma selo otere mwa anthu ovulala msana mu 2021, koma kampani ya ku America ya Geron inasiya kafukufuku wake wa ma stem cell pa anthu ovulala msana mu 2011 nkhani yake ndalama, ndiye mantha ndili nawo.

Kodi ndisankhe labu ya neuroscience (sayansi ya ubongo ndi mitsempha) kapena ya ma stem cell enieni? Kulera ma selo ndimatha koma opaleshoni ya makoswe sindinapangepo, angandikane chifukwa cha zimenezo? Nanga inu munadutsa postdoc (ntchito ya kafukufuku ukamaliza PhD), zinakutengerani zaka zingati kuti mupeze ntchito yokhazikika pa yunivesite?