Mawu oti inconsistent tiziwamasulira bwanji pa cross?

Nachisale: Akuluakulu ndithandizeni msanga, mlandu ukupitirira mawa 9 koloko. Lero ndikumasulira m'khoti, pa cross (pomwe loya wa mbali inayo amapanikiza mboni ndi mafunso) loya wauza mboni kuti zimene yanena m'khoti zili inconsistent ndi statement yake ya kupolisi. Ine ndati, "zomwe mwanena pano zikutsutsana ndi zomwe munanena kupolisi." Mboniyo, agogo ena ake, akwiya, ati sanatsutsanepo ndi wapolisi chibadwire, amalemekeza boma. Loya kubwereza, yankho lomwelo, mpaka a majisitireti kuyamba kuyang'ana ine. Komanso loyayu sakukhazikika, apa inconsistent, apa contradictory, kenako discrepancy. Inu mumati chiyani?

Aphiri: Kutsutsana basi. Takhala tikumasulira choncho kuyambira kale. Mboni ikapanda kumva, loya afunsenso, ndi ntchito yake imeneyo.

Nangondo: Ayi Aphiri. Kutsutsana ine ndimasungira contradictory, pamene zonse ziwiri sizingakhale zoona: kupolisi anati anamuona wakubayo, m'khoti akuti sanamuone. Inconsistent nthawi zambiri ndimati "mawu anu akusemphana". Discrepancy ndi kusiyana chabe, monga mbuzi 4 kupolisi, mbuzi 5 m'khoti. Chachikulu, mayi, onetsani kuti zikusemphana ndi nkhani ziwirizo, osati anthu.

Aphiri: Kusemphana ndi kwa minibasi pamsewu. Kutsutsana.

Ajere: Chimene ndikuchenjezeni ine ndi "kusagwirizana". Musayerekeze. Mnzathu wina anati "simukugwirizana ndi zomwe munanena kupolisi", mboni nkuvomera ndi mtima wonse kuti eya, sitinagwirizane, anandisunga tsiku lonse osadya. Mu record munalowa kuti mboni yavomera kuti umboni wake ndi inconsistent. Prosecutor, woimira boma pa mlandu, anachita kutuluka thukuta pa re-exam (pofunsanso mboni yakeyo) kuti akonze zimenezo.

Nabanda: Ndipo musafupikitse nkuti "mukunama". Alipo amachita zimenezo pofuna kuti mboni imve msanga. Loya sananene kuti ndi bodza, wanena kuti nkhani ziwiri sizikukumana. Munthu akhoza kuiwala, makamaka mlandu ukatha zaka uli mu registry. Mukangotchula bodza, mboni imayamba kulumbira kumanda kwa amake, ndiye mwamuwonjezera loya funso lomwe sanafunse. Woweruza wake amamva Chichewa, akudzudzulani pomwepo anthu akuona.

Aphiri: Nchifukwa chake ndikuti kutsutsana. Mulibe bodza m'menemo.

Nangondo: Mulibe bodza koma muli mkangano, ndiye vuto labweretsa Nachisale pano limenelo.

Ajere: Komanso tisamangoloza mboni. Kusemphana kwambiri kumabadwira pa desiki pomwe statement inalembedwa m'Chingerezi munthu akulankhula Chichewa. Ndinakhalapo pa mlandu wa ng'ombe, mboni inati akubawo anapita chakumadzulo. Mu statement munalembedwa kuti anapita nthawi ya madzulo, pamene mkuluyo amanena mbali yolowera dzuwa, ndipo ng'ombe zinabedwa m'bandakucha. Loya anaigwira mfundoyo ngati nkhupakupa, pafupifupi mmawa wonse. Nanga za achibale? Munthu akuti "mchimwene wanga", wolemba akuti brother, m'khoti nkudziwika kuti ndi mwana wa bambo ake aang'ono. Loya aimirira, akuti kupolisi munati brother lero mukuti cousin. Mboni sinasinthe kalikonse. Mwendo nawo, wina alemba leg wina foot, medical report ikunena zina.

Nabanda: Zoona, koma pamenepo samalani. Si inu woti muimirire nkuyamba kuteteza mboni. Pemphani chilolezo kwa bwalo, nenani kuti liwulo lili ndi matanthauzo awiri, mutchule onse, mukhale chete. Kunong'onezana ndi mboni ayi. Ndime 42 ya Malamulo aakulu a dziko imapatsa woimbidwa mlandu ufulu womasuliridwa m'chilankhulo chimene amamva, boma ndilo lilipire, ndiye pa apilo ku High Court loya akasowa pogwira amayamba kufufuza ife.

Nachisale: Nanga ndikati "mukudzitsutsa nokha"?

Nangondo: Limamveka msanga, koma ndi lolemera. Likuloza munthu, pamene loya analoza mawu. Ngati iye wati you are contradicting yourself, pamenepo ndi pake. Apo ayi, pemphani kuti awerenge mzere wa mu statementwo, muumasulire, kenako zimene mboni yanena lero, ione yokha.

Aphiri: Zonsezi nkuchedwetsa khoti. Mukufuna tidzayambe kuyenda ndi dikishonale m'khoti? Ana a masiku ano. Kutsutsana mawu, osati anthu, mwangowonjezera liwu limodzi nkhani yatha.

Nangondo: Ndiye mwafika pomwe ndinayambira paja, bambo.

Aphiri: Sindinafike. Kusemphana sindidzanena.

Ajere: Tisanabalalike, alipo amene amamva bwino Chisena? Tili ndi mboni ya ku Nsanje Lachinayi, Chichewa ikungoti apa ndi apo.

Nabanda: Ndilowereni ku inbox Ajere, koma afunsiretu za transport.